Musanakalipe pa asembule kuti "ana onse akumwa", yambani mwawerenga

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pa ulaliki wa achinyamata, ngakhale mu minibasi, pali mawu omwe sasowa: "Ana a masiku ano onse alowerera, ndi mowa ndi chamba basi." Wonenayo amakhala akudandaula ndi mtima wabwino. Koma kawirikawiri mawuwa si oona, ndipo mwana wa Fomu 1 akawamva samvamo chenjezo. Chimene amamva n'chakuti anzake onse anayamba kale, wotsalira ndi iye yekha.

Nkhaniyi inafufuzidwa kalekale. Mu 1986, H. Wesley Perkins ndi Alan Berkowitz anasindikiza zomwe anapeza pa Hobart and William Smith Colleges ku New York: ophunzira ambiri ankaganiza kuti anzawo amakonda mowa kuposa momwe zinalili. Mu 1993, Deborah Prentice ndi Dale Miller anapeza zofanana ku Princeton University. Wophunzira aliyense payekha sankasangalala kwenikweni ndi kamwedwe ka pasukulupo, koma ankakhulupirira kuti anzake alibe nako vuto. Chochititsa chidwi n'chakuti miyezi itapita, anyamata anayamba kusintha maganizo awo kuti afanane ndi "gulu" lija, gulu lomwe linali m'mitu mwawo mokha. Kuchokera nthawi imeneyo, kafukufuku wa m'masukulu a m'mayiko osiyanasiyana wakhala akupeza chinthu chomwechi: mwana akafunsidwa kuti anzake omwe amamwa kapena kusuta ndi angati, amatchula nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Ngakhale akuluakulufe timalakwitsa chimodzimodzi. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, amuna omwe ankamwa anali pafupifupi 30 mwa 100, akazi pafupifupi 4 mwa 100. Munthu wodutsa pamalo ochitira malonda Loweruka madzulo sangakhulupirire zimenezi, chifukwa osamwa aja saoneka. Ali kunyumba.

Nambala imatupira pati?

Kuledzera kumaoneka, kusamwa sikuoneka. Mnyamata mmodzi akasanza kuseri kwa hositelo, Lolemba sukulu yonse imakhala ikukamba za iye, ndipo nkhaniyo imakambidwa temu yonse. Palibe amene amakamba za ana 300 omwe anadya nsima ndi nyemba n'kukagona. Mutu wa munthu umayeza kuchuluka kwa chinthu poona kuti chikukumbukika msanga bwanji, ndiye zaphokoso zimaoneka ngati zochuluka.

Kenako pali kudzitama. Amene anamwa botolo limodzi amati anamwa asanu. Amene sanabandepo chamba chibadwire amangoseka nawo, kuopa kutchedwa mwana wa amayi kapena m'busa. Ndiye mumapeza anyamata asanu ndi mmodzi atakhala pansi pa mtengo, wosuta ndi mmodzi, koma asanu otsalawo aliyense akuganiza kuti wosasuta ndi iye yekha. Foni yangowonjezera moto: pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa TikTok pamaikidwa botolo ndi utsi wa shisha, osati munthu akuwerenga Biology.

Palinso masamu ena omwe anthu ambiri sawadziwa. Mu 1991 Scott Feld anasonyeza kuti anthu ambiri amakhala ndi anzawo ochepa poyerekeza ndi anzawo a anzawowo, chifukwa munthu wotchuka amapezeka pa mndandanda wa anthu ambiri nthawi imodzi. Pasukulu izi zikutanthauza kuti ngati ana atatu odziwika kwambiri amamwa, pafupifupi mwana aliyense anganene moona mtima kuti "mnzanga wina amamwa". Omwa ndi atatu okha, koma aliyense akuwaona.

Tikamati mwana akukakamizidwa ndi anzake, timaganiza za gulu lomugwira pakhosi kuti amwe. Zotero zimachitika, makamaka kwa obwera kumene m'masukulu ogonera, koma si kawirikawiri. Ofufuza a gulu la Laurence Steinberg ku Temple University anapatsa achinyamata ndi akuluakulu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, momwe woyendetsa amasankha kuima kapena kudutsa maloboti akayatsa chikasu. Achinyamata ali okha ankayendetsa mosamala ngati akuluakulu. Atadziwa kuti anzawo akuwaonera ali m'chipinda china, osawauza n'komwe zochita, anayamba kudutsa maloboti. Kwa akuluakulu sizinasinthe kanthu. Choncho mwana safunika kuuzidwa kuti "imwa aise". Kungoganiza kuti anzake akumuyang'ana, komanso kuganiza kuti akudziwa zomwe anzakewo amayembekezera, n'kokwanira. Ganizo lachiwirili ndi limene tingathe kulikonza, chifukwa nthawi zambiri limakhala lolakwika.

Kapezedwe ka nambala yeniyeni ya pasukulu panu

Nambala ya ku America kapena ya dziko lonse siigwira mtima wa mwana wa pa CDSS. Amafuna ya kalasi yake. Kuipeza kumafuna theka la pepala la A4 pa mwana aliyense, katoni yomata yokhala ndi kabowo pamwamba, ndi piriyodi imodzi ya Life Skills. Yambani mwagwirizana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo makolo adziwitsidwe kudzera ku PTA kuti mapepalawo sakhala ndi mayina ndipo palibe mwana adzalangidwe chifukwa cha yankho lake.

Mafunso aziyenda awiriawiri. Loyamba lifunse za mwanayo: "M'masiku 30 apitawa, kodi mwamwako mowa wamtundu uliwonse, kaya kachasu, masese, chibuku, midoli kapena wa m'botolo, kuposa kungolawa? Inde kapena Ayi." Lachiwiri lifunse za anzake: "Mwa ophunzira 10 a fomu yanu, mukuganiza kuti ndi angati amwako mowa m'masiku 30 apitawa?" Pansi pake lembani manambala kuyambira 0 mpaka 10 kuti azungulize imodzi. Chitani chimodzimodzi pa fodya ndi pa chamba. Onjezani awiri okhudza maganizo: "Mnzanu akakana mowa pa phwando, inuyo mumamulemekeza kapena mumamuseka?" ndi "Anzanu ambiri amamulemekeza kapena amamuseka?" Mafunso asapitirire 10, apo ayi ana amatopa n'kumangochonga.

Mawu akuti "masiku 30" musawasinthe. Mukafunsa kuti "munamwako chibadwire?" muwerengera pamodzi chidakwa ndi mwana yemwe anapatsidwa thobwa losasa pa chinkhoswe ali ndi zaka 9, nambala n'kutupa pachabe. Tchulaninso mitundu ya mowa ndi mayina ake, chifukwa ana ena masese sawawerengera ngati mowa.

Ikanimo funso limodzi la msampha: dzina la mankhwala omwe kulibe, lopeka nokha. Pepala lililonse lomwe lavomera kuti linagwiritsapo ntchito mankhwala amenewo lichotseni, mwini wake amangosewera. Ofufuza a m'masukulu amachita zimenezi kawirikawiri.

Zambiri zimawonongeka pa tsiku lolemba. Mwana akangokayika kuti adziwika, amanama, ndipo ntchito yonse yapita m'madzi. Ndiye pasakhale cholemba ndi mawu, azingochonga kapena kuzunguliza, popeza mphunzitsi amazindikira kalembedwe ka mwana aliyense. Onse agwiritse ntchito pensulo kapena bolopeni ya mtundu umodzi. Akhale motalikirana ngati pa mayeso. Ngati kalasi ndi yothithikana, tulukani panja kapena agaweni pawiri. Woyang'anira asakhale mphunzitsi wa chilango kapena pulifekiti, ndipo aime kutsogolo osayendayenda. Mwana apinde yekha pepala n'kuliponya yekha m'katoni, ndipo amene sakufuna kuyankha aponye losalemba. Sankhani sabata ya pakati pa temu. Sabata yotsegulira mu Januwale siyabwino, chifukwa masiku 30 akewo agwera pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Powerengera, tiyerekeze kuti Fomu 2 ili ndi ana 80 ndipo tsikulo abwera 72. Mapepala 3 agwa mu msampha uja, atsala 69. Mwa amenewa 11 avomera kuti anamwa, 58 akana. Gawani 58 ndi 69, mupeza 84 mwa 100. Tsopano sanjani mapepalawo motsatira nambala yomwe anazunguliza pa funso la anzawo, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, n'kutenga la pakati, lomwe pano ndi la nambala 35. Likakhala kuti linazunguliza 6, ndiye kuti kalasiyo imaganiza kuti omwa ndi 6 mwa 10 pomwe enieni sakukwana 2. Mpata umenewo ndiye ntchito yanu. Timatenga la pakati m'malo mophatikiza zonse n'kugawa chifukwa ana ochepa ozunguliza 10 mwachipongwe akhoza kukokera nambala m'mwamba.

Musaiwale ojomba. Ana omwe amamwa kwambiri ndi omwenso amajomba kwambiri, choncho nambala yanu imatsikako pang'ono kuposa yeniyeni. Iyeseni motere: werengani ojomba onse 8 ngati omwa. Omwa akhala 19 mwa 77, osamwa akadali 75 mwa 100. Ngati uthenga wanu ukuimabe pambuyo pa kuyesa kumeneku, ndi wolimba. Ngati obwera sanakwane 8 mwa 10 a kalasi, bwerezani tsiku lina. Ndipo musagawe zotsatira m'timagulu ting'onoting'ono. M'kalasi ya atsikana 7, kunena kuti "mtsikana mmodzi amasuta" n'chimodzimodzi kumutchula dzina.

Kanenedwe kake

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Nambala yomweyo ikhoza kumanga kapena kugumula. "Ana 16 mwa 100 akumwa mowa pasukulu pano, n'zomvetsa chisoni" imaika maso a aliyense pa omwa. "Ophunzira 8 mwa 10 a Fomu 2 sanamwe mowa mwezi wathawu" imauza mwana wosamwa kuti gulu lalikulu ndi lake. Nenani za ochuluka, nenani zomwe amachita, ndipo pansi pake lembani kochokera: "Mayankho a ophunzira 69 a Fomu 2, mwezi wakutiwakuti." Pa chikalata chopachikacho pasakhale chithunzi cha botolo, tsamba la chamba kapena bokosi la maliro. Musachitenso kukongoletsa nambala. 84 isasanduke 95, chifukwa ana akangogwira bodza limodzi sadzakhulupiriranso china chilichonse.

Yembekezerani kuti akana. Adzati, "Bodza limenelo, anthu ananama." Ichi si chizindikiro chakuti mwalephera, chikungosonyeza kukula kwa mpata uja. Musakangane nawo. Afunseni kuti ndi angati anaona ndi maso awo munthu akumwa mwezi uno, ndipo anthu osiyanasiyana omwe anawaonawo ndi angati, osatchula mayina. Nthawi zambiri amazindikira okha kuti onse akunena za anthu omwewo. Njira ina yamphamvu ndi yoti awerenge okha: aliyense achonge kapepala katsopano, akafinye ngati mpira, onse aponyerane katatu kuti tisakanikirane, kenako aliyense atole kamodzi. Mukati "aimirire omwe kapepala kawo kakuti Inde", amaimirira ochepa, ndipo palibe amene waulula zake chifukwa wanyamula yankho la wina. Chimene waona ndi maso sichifuna umboni wa mphunzitsi.

Kunena kamodzi sikukwanira. Ganizo lolakwikalo limadyetsedwa tsiku ndi tsiku, ndiye loona nalo liyenera kumveka chaka chonse: uthenga umodzi pa bolodi kwa masabata atatu kapena anayi, kenako wina, lero wa mowa, mawa wa chamba, kenako uja wakuti ambiri amalemekeza wokana. Wotsirizawu ndi wofunika kwambiri kuposa momwe umaonekera. Mwana yemwe amamwa mochepa kuposa anzake akhoza kumva nambala n'kuganiza zokwera kuti afanane nawo, koma akamvanso kuti anzake sagwirizana ndi kuledzera, chikoka chimenecho chimachepa.

Aphunzitsi onse ayenera kuyimba nyimbo imodzi. Chikalata cha pakhoma sichingapikisane ndi mphunzitsi wamkulu yemwe Lolemba lililonse amati sukulu yadzaza ndi zidakwa. Mwambi uja wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola ndi woona pa dengu la usipa, koma pa ana umangopatsa mmodzi wowolayo ufumu womwe analibe. Amene akukayika za kuopsa kwa uthenga wotere aone zomwe zinachitika ku America: boma linawononga ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola pa mauthenga a pa TV ndi njira zina oletsa achinyamata mankhwala ozunguza bongo kuyambira 1998, koma kafukufuku wa Robert Hornik ndi anzake, wosindikizidwa mu 2008, sanapeze phindu. M'malo mwake panali zizindikiro zakuti ana omwe anaonera kwambiri mauthengawo anayamba kuganiza kuti kusuta chamba n'kofala.

Nanga nambala ikatuluka yoipa, omwa n'kupezeka kuti ndi oposa theka? Musaibise, koma musaipachikenso pakhoma. Funani funso lomwe ochuluka ali kumbali yabwino, monga kuledzera mpaka kusadziwa kanthu, kumwa masiku a sukulu, kapena chamba. Ndipo dziwani kuti pasukulu yotero vuto lapitirira pa maganizo olakwika.

Makolo nawo apatsidwe nambala yomweyo. Kholo lomwe limakhulupirira kuti ana onse amamwa limagwa ulesi, limati "nanga tingatani, ndi nyengo yake", ndipo limachita manyazi kuimbira kholo linzake kufunsa ngati ana alidi kumeneko. Likadziwa kuti makolo ambiri nawonso amaletsa, limalimba mtima. Kunyumba thandizo lenileni ndi laling'ono koma lodziwika: kudziwa komwe mwana ali ikamakwana 6 koloko madzulo, kudziwa anzake ndi makolo awo, kusamutuma kukagula mowa kapena fodya, ndi kumupatsa pothawira. Muuzeni kuti, "Ukapanikizika, unamizire ine. Unene kuti bambo amandinunkhiza ndikafika." Kukana kwa mawu ochepa, konga "ine ayi, mawa ndili ndi mpira", kumagwira ntchito kuposa kufotokoza kwautali komwe kumatsegula mtsutso. Ndipo ana awiri ogwirizana kukana limodzi savutitsidwa ngati mmodzi.

Pomwe njirayi imalekezera

Tisanamizane kuti nambala pakhoma ithetsa zonse. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, litaunika mu 2015 kafukufuku wambiri wa njirayi pakati pa ophunzira a m'makoleji, linapeza kuti payokha imasintha kamwedwe pang'ono chabe. Ubwino wake ndi wakuti ndi yotsika mtengo, imateteza omwe sanayambe, ndipo imatiletsa ife akuluakulu kuwonjezera vuto ndi pakamwa pathu. Dziko la Iceland limatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi: mu 1998, ana a zaka 15 ndi 16 omwe analedzerapo m'mwezi umodzi anali 42 mwa 100, pofika 2016 anali 5 mwa 100. Kumeneko amafunsa ana mafunso kawirikawiri ndipo dera lililonse limalandira nambala zake, koma sanalekere pomwepo. Anaika malire a nthawi yomwe ana angakhale panja usiku, makolo anagwirizana malamulo ofanana, ndipo boma linaika ndalama m'masewera ndi zaluso za ana akaweruka.

Kwathu kuno mbali yovuta ndi kupezeka kwa mowa wotchipa. Zambia inaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'masacheti, mu 2012, Malawi n'kuletsa masacheti mu 2015, koma mowa waukaliwo unangosamukira m'timabotolo. Masamu ake ana ambiri sawadziwa. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa wa mphamvu ya 40 peresenti kali ndi magalamu pafupifupi 63 a mowa weniweni, pomwe botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu 13. Kabotolo kamodzi kolowa m'thumba la yunifomu n'kofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu, ndipo mwana amakamaliza m'mphindi zochepa kuopa kugwidwa, pomwe chiwindi chimangotha kuchotsa magalamu osapitirira 10 pa ola. Kachasu ndiye alibe n'chizindikiro chomwe cha mphamvu yake. Malamulo amaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo komiti ya sukulu, mfumu ndi apolisi a m'dera akhoza kuyendera ogulitsa ozungulira sukulu. Pa chamba, ana ena amati "chinaloledwa". Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 linalola kulima ndi chilolezo chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale basi. Kusuta ndi mlandu mpaka lero.

Tisaiwale ana 11 aja. Kuchepa kwawo sikuchepetsa vuto lawo. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo kafukufuku wa ku America anapeza kuti oyamba mowa asanakwane zaka 15 amagwa mu uchidakwa mowirikiza kanayi kuposa oyamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo. Pa chamba, mwa oyamba ali achinyamata, pafupifupi mmodzi mwa 6 amafika polephera kusiya. Osawasaka pogwiritsa ntchito mapepala aja; mukatero mwaphwanya lonjezo ndipo chaka chamawa aliyense adzachonga Ayi. Mudzawadziwa ndi zina: kujomba masana, magiredi kugwa mwadzidzidzi, ndalama kusowa m'nyumba, kusintha anzake onse nthawi imodzi, kugona masana. Chizindikiro chimodzi pachokha si umboni. Lankhulani naye ali bwinobwino, pawiri, ndipo yambani ndi zomwe mwaona, osati dzina lomwe mwamupatsa. Kumuchotsa sukulu kumamupereka tsiku lonse kwa gulu lomwe mumafuna kumulekanitsa nalo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za thanzi la m'maganizo, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, Zomba Mental Hospital imalandira odwala kwambiri, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana. Mwana yemwe waledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, kapena akupuma mwapatalipatali, asasiyidwe kuti "agone ziphwe". Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, osamumwetsa kanthu, osamuthira madzi ozizira, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Chaka chikatha bwerezani mafunso aja, mwezi womwewo, mawu omwewo, kayendetsedwe komweko, apo ayi simungayerekeze zotsatira. Yambani mwayang'ana pepala la pakati lija. Nambala ya zomwe ana amaganizira anzawo ndi imene imayamba kutsika. Ya omwa enieni imachedwa, ndipo m'kalasi ya ana 70 kusiyana kwa ana awiri kapena atatu kukhoza kungokhala kwamwayi. Ngati ya kuganizira sinasunthe, ndiye kuti uthenga sunamveke kapena sunakhulupiridwe, ndipo muyenera kufunsa anawo kuti ndi chiti mwa ziwirizi. Fomu 1 yatsopano ifunseni temu yoyamba yomwe, isanamve mbiri ya sukulu kuchokera kwa a Fomu 3.